Mankhwala Anali a Nkhuku, Womwa Ndinali Ine

Mpaka lero sinditsika pamsika wa Milonde masana. Ndikakhala ndi ulendo wa ku Limbuli ndimasankha mpando wa kumbuyo m'minibasi, chipewa nditakokera kumaso, chifukwa pamsikapo pakadali azibambo ena aimvi amene anali ana anga a sukulu, ndipo akangondizindikira, mmodzi amalira ngati tambala, wina n'kugwira pamimba. (Ena mwa iwo ndi akuluakulu a mpingo tsopano, koma kulira kwa tambala sanaiwale.) Nkhaniyi ndakhala ndikuikana zaka zambiri. Lero ndiifotokoza ndekha, poti ofotokoza ena amawonjezera zimene sizinachitike, ngati kuti zimene zinachitikazo n'zochepa.

Zinachitika m'zaka za chipani chimodzi, nthawi ija munthu sunkalowa mumsika kukagula mchere usanaonetse khadi la chipani. Ine ndinali mphunzitsi wa sayansi wa Sitandade 8 pa sukulu ina ya kufupi ndi Milonde, imene bwalo lake la mpira linkachita malire ndi munda wa tiyi wa esiteti. Ndinali ndi matayi awiri, njinga imodzi, ndi nthenda yaikulu yodziyesa wodziwa zonse. Mkazi wanga, amake Lute, ankaweta nkhuku zachikuda, zija zodzisakira zokha chakudya kudzala n'kumagona mumtengo wa mango. Ine zinkandichititsa manyazi. Mphunzitsi wa sayansi, pakhomo pake nkhuku zogona mumtengo ngati akhwangwala? Ndiye ndinamanga khola la njerwa kuseri kwa nyumba, ndinakatenga anapiye achizungu makumi anayi ku Boma, n'kuwauza amake Lute kuti ayang'anitsitse, aone mmene ulimi wamakono umayendera.

"Chabwino, aphunzitsi," anatero. (Akanditchula kuti aphunzitsi m'malo mwa abambo a Lute, ndinkadziwa kuti pali mawu ena amene awasunga.)

Chinsinsi changa chinali makapisozi. Ku Limbuli, tsiku la msika, kunkabwera bambo wina wa kutsidya kwa malire amene ankayala thumba pansi n'kuikapo mabatire, masingano, malezala ndi timilu ta makapisozi, ofiira mbali ina, achikasu mbali inayo. Dzina la mankhwalawo sankalidziwa, koma ntchito zake ankazidziwa zonse.

"Amigu, awa ndi a chilichonse," anandiuza, poti kwa iye wogula aliyense anali amigu, bwenzi lake. "Chifuwa, chilonda, dzino, ngakhale nkhuku. Mungotsegula kamodzi, ufawo m'madzi, basi. Nkhuku zanu zikula ngati abakha."

Munthu wophunzira akanafunsa mafunso. Ine ndinangofunsa ngati angandisungire ena sabata yamawa.

Kuyambira pamenepo, nkhuku zidwale zisadwale, m'mawa uliwonse ndinkathira ufa wachikasu uja m'madzi akumwa. Tsiku lina kapisozi wathunthu, tsiku lina theka, akachepa ndinkadumphitsa masiku awiri. Ndinachita zimenezi miyezi isanu. Nkhuku zinanenepa ndithu, nthenga zili pheee, kuyenda kwake kwa mabwana. Anthu ankapatuka panjira kudzaziona, ine n'kumaima pakhomo pa khola manja kumbuyo ngati amene ndinazifungatira ndine.

Mmodzi mwa opatukawo anali a Namakhwa, tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Anali bambo wamfupi, wa jekete la bulawuni limene sankalivula ngakhale mu Okutobala, baji ili pachifuwa. Sukulu anailekeza mu Sitandade 3, koma nkhani za pakhomo pa munthu aliyense ankaziwerenga bwino kuposa ine. Anasuzumira m'khola, n'kumeza malovu.

"Aphunzitsi, ichi ndiye chitukuko timanena chija. Mwezi wamawa kukubwera a Nduna kudzayendera dera lino, ndipo msonkhano udzakhala pabwalo lanu lomweli. Anthu asangalala kwambiri kumva kuti mwadzipereka kupereka nkhuku khumi ngati mphatso."

"Ndadzipereka?"

"Mwaufulu wanu. Ndipo tambala wamkuluyo mudzamupereka nokha m'manja mwa a Nduna."

(Kwa achinyamata amene nthawi imeneyo simunaione: mawu akuti mwaufulu ankatanthauza kuti nkhani yatha.) Koma kunena zoona sindinadandaule kwenikweni. Ndinali nditayamba kale kudziona pachithunzi m'nyuzipepala, ine, a Nduna ndi tambala.

Kutatsala masabata atatu, ndinapeza nkhuku ziwiri zitaima pakona, zitatsinzina, mapiko ali lende ngati zabwereka jekete la a Namakhwa, kumbuyo kuli zitosi zoyera zamadzimadzi. Ndinathira makapisozi awiri. M'mawa mwake zodwala zinali zisanu. Ndinathamangira ku Limbuli kukamufotokozera amigu uja, ndipo iye anandilangiza mwaukatswiri kuti ndionjezere. Ndinathira anayi, mpaka madzi anaoneka ngati utoto wopakira sitolo. Nkhuku zinamwa, n'kuyamba kufa ziwiriziwiri.

Apa mpamene ndinapalasa njinga kukaitana a Muhiwa, alangizi a ziweto, munthu wofatsa amene ankalankhula ngati akupepesa maliro. Anayang'ana, anati si chitopa. Anatenga nkhuku imodzi yakufa n'kuitumiza kwa anzawo opima ku Blantyre, ndipo patapita sabata ndi masiku anabwera ndi yankho.

"Aphunzitsi, m'matumbo mwa nkhuku zanu muli tizilombo. Anzathu atithira mankhwala anu aja, tizilomboto tikungosambiramo. Ayesa ena awiri ofanana nawo, chimodzimodzi. Kodi mwakhala mukuzipatsa kangati?"

"Tsiku lililonse," ndinayankha monyadira.

Anavula chipewa. "Ndiye tizilomboto mwatiphunzitsa bwino. Mankhwala amodzimodzi, pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku: tizilombo tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana. Mapeto ake khola lonse ladzaza ndi totsala tija, tosaopa kanthu. Ndipo chonde, mwana asamasewere muno. Tizilomboti tikalowa mwa Lute, kuchipatala akamupatsa makapisozi a mtundu womwewu, ndipo sakagwira ntchito."

Mawu omalizawo anandilasa, poti Lute anali ndi zaka zitatu ndipo pakhomo pa kholalo ndi pamene ankaswera. Ndinafunsa za mankhwala ena amphamvu. A Muhiwa anati alipo, anawaonapo pa chithunzi ali kukosi, koma kuno anali asanafike chaka chonsecho.

Madzulo ake, amake Lute akusenda chinangwa cha makaka, analankhula osandiyang'ana. "Kwathu nkhuku zikatsegula m'mimba timaphika masamba a gwafa, n'kuponyamo kakhungwa ka muwawani kochepa ngati chikhadabo. Zodwala timaziika pazokha. Zina zimachira."

Tsono mankhwala omwewa ndinali nditawaseka chaka chapitacho pamaso pa alamu anga, kuwatchula kuti zaumbuli. Sindikanangoti zikomo n'kuvomera. Ndinakhosomola kaye.

"Zimenezo zikufunika kafukufuku," ndinatero. "Ndizitenga ine, ndizichite mwasayansi."

"Chabwino, aphunzitsi."

Iwo anangopempha nkhuku zinayi zimene zinali zitatheratu, akuti zikafere kuseri kwa khitchini. Ndinawapatsa. Zotsalazo ndinazigawa panayi, kudula khola ndi mphasa zakale. Gulu loyamba ndinalipatsa madzi a gwafa, lachiwiri muwawani, lachitatu adyo ndi tsabola wa kambuzi, lachinayi dema, chimzu chija chooneka ngati chinangwa chimene alonda a kuesiteti ankachitama kuti chimapha ngakhale nkhupakupa. Ndinatenga kope latsopano n'kumalembamo zotsatira m'mawa ndi madzulo. Mpaka apa, a Muhiwa anadzandiuza pambuyo pake, ndinali pa njira yabwino. Chinandiononga ndi kalendala. Masiku anayi anadutsa, palibe gulu limene linadzuka n'kuyamba kuthamanga monga ndinkafunira, ndipo a Nduna anali atatsala masiku awiri. Ndiye nzeru inandifikira: ngati mtengo uliwonse uli ndi mphamvu pang'ono, yonse pamodzi ikhala ndi mphamvu zinayi. (Masamu amenewa ndinkaphunzitsanso ana a anthu.)

Ndinatenga mphika waukulu wa amake Lute wophikira nyemba za kalongonda. Ndinaponyamo gwafa dengu lonse, makungwa a muwawani odzaza manja awiri, adyo, tsabola, dema mzu wathunthu, n'kuwonjezera masamba a papaya ndi a nimu poti anali pafupi.

"Ndinati kochepa ngati chikhadabo," amake Lute anatero atasuzumira.

"Chikhadabo si muyeso wa sayansi."

"Nanga dengu ndi muyeso wa sayansi?"

Ndinasonkhezera moto. Zinabwata kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, madzi anaphwera n'kutsala chiphala chakuda chonyezimira ngati phula la pamsewu. Fungo lake linasamutsa galu wa ahedi. Ndinathira m'botolo lalikulu, n'kumatapo pepala lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: MPHAMVU ZINAYI.

Tsiku loti mawa lake a Nduna abwera, nditamwetsa nkhuku iliyonse supuni imodzi, ndinapita pa Milonde masana kukapumitsa mutu. Pabala ina ya kuseri kwa msika panali anthu ngati khumi, ena ogwira ntchito kuesiteti, ena ogulitsa zinanazi. Wina anandifunsa za nkhuku. Akanandifunsa ndisanamwe, ndikanangoti zili bwino. Koma anandifunsa ndili pa paketi yachitatu ya mowa, ndipo mphunzitsi akamwa, aliyense amene ali pafupi amasanduka mwana wa sukulu. Ndinaimirira.

"Abale, vuto si nkhuku ayi. Vuto ndi kudalira chinthu chimodzi nthawi yaitali. Poyamba chimagwira ntchito, aliyense amachiopa. Koma mukamapereka chomwecho, chomwecho, tsiku ndi tsiku, ofooka amatha, olimba amatsala, amaswana mwakachetechete, ndipo tsiku lina mumangoona kuti palibenso amene akuchiopa. Chakalecho chatha mphamvu! Chakalamba! Pafunika kuyesa zina, zitatu kaya zinayi, zipikisane, tione yopambana!"

Ndinkadikira kuti andiombere m'manja. Nditatsitsa paketi, ndinaona kuti amene anandifunsa uja palibe. Ogulitsa zinanazi anali atatuluka, zinanazi zawo atazisiya pomwepo. Mwini bala anali atakweza wailesi mpaka kumapeto, akupukuta tebulo louma kale, maso ali kudenga. Ine ndinangoganiza kuti sayansi yawakulira. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu.

M'mawa mwake, ndikumanga tayi pagalasi, anafika achinyamata atatu a chipani, a malaya ofiira aja. Awiri mwa iwo ndinawaphunzitsapo, ndipo onse awiri ndinawakwapulapo. Sanapereke moni. Anatenga kope ndi botolo pazenera, n'kundiuza kuti a tcheyamani akundifuna. Amake Lute anaima pakhomo, Lute ali kumsana, n'kufunsa ngati andilongedzere bulangeti. Sankaseka. Masiku amenewo anthu oitanidwa motere ena ankabwerako madzulo, ena patapita zaka, ena ayi. Njira ya ku Milonde ndinkaiyenda tsiku lililonse, koma m'mawa umenewo ndinkayang'ana mtengo uliwonse ngati ndikutsanzikana nawo.

Ofesi ya a Namakhwa inali kachipinda kuseri kwa sitolo ya atelala. Ndinawapeza atakhala pansi pa chithunzi chachikulu cha mtsogoleri wa dziko chija chinkapachikidwa paliponse.

"Aphunzitsi, dzulo pabala mwati chakalamba n'chiyani?"

"Mankhwala, bwana. Makapisozi a nkhuku."

"Makapisozi amakalamba? Munawaona imvi?"

"Ndimatanthauza kuti tizilombo tawazolowera, bwana."

"Tizilombo take ndi anthu a dera lino?"

Ndisanayankhe, anapatsa kope mmodzi wa achinyamata aja kuti awerenge mokweza. Anawerenga mogwagwaja, chala chili pansi pa mawu, ndipo ngakhale ndinali pamavuto, zinandipweteka kuti ameneyu anadutsa m'manja mwanga.

"Lolemba. Gulu loyamba lafooka. Gulu lachitatu likuonetsa mphamvu. Lachiwiri. Ziwiri za gulu lachinayi zafa, zotsala zikukana kudya. Lachitatu. Akale aja alephereratu, sitibwereranso kwa iwo."

"Taonani, bwana," ndinalowerera msanga, "ndalemba kuti zafa. Anthu sitinena kuti zafa, timati afa. Ndi nkhuku zimenezo."

"Zigawenga timati zafa," a Namakhwa anayankha osaphethira.

Pa zaka zanga zonse za uphunzitsi, palibe amene anandigonjetsapo pa galamala mwachangu chotere.

"Magulu anayi," anapitiriza, akuwerenga zala. "M'dziko la chipani chimodzi, inu muli ndi magulu anayi kuseri kwa nyumba ya boma. Dziko lili ndi ngodya zake zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo; inu mwabwera ndi mphamvu zinayi zanuzanu."

Ndinapempha kuti aitane a Muhiwa adzandichitire umboni. Anandiuza kuti a Muhiwa, atamva za kubala zija, analawirira pa njinga kukatemera ng'ombe kudera lina lakutali. (Deralo ndimalidziwa. Kulibe ng'ombe.)

Kenako a Namakhwa anatsegula botolo, ananunkhiza, misozi n'kulengeza m'maso. "Ndipo izi ndi zimene mwamwetsa nkhuku zoti a Nduna akadye?"

Apa mpamene ndinaona kukula kwa mlandu. Zolankhula pabala zikanandipezetsa ndende, koma kuthira chiphe m'chakudya cha a Nduna inali nkhani yoti ngakhale bulangeti silikanafunika. Mawu anangotuluka okha.

"Bwana, ndi zitsamba chabe! Gwafa, muwawani, adyo, zimene timadya ndi kumwa tonse. Ngakhale munthu atha kumwa."

Mawu anayi omalizawo ndikanakonda akananditsamwa pakhosi.

"Munthu atha kumwa," a Namakhwa anabwereza, nkhope ikuwala. "Tabwerekani kapu kwa atelala."

Kapu yake inali yachitsulo, yaikulu ija yomwera thobwa. Ndinafotokoza mwaulemu kuti nkhuku imamwa supuni imodzi yokha. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, ngati akundiyeza pasikelo.

"Inuyo mungakwane nkhuku zingati? Makumi atatu? Dzazani."

Abale, ndinamwapo kwinini, ndinalumapo ndulu ya mbuzi mwangozi, koma izi zinali zina. Muwawani unayamba, tsabola n'kutsatira, adyo anatulukira m'mphuno, nimu anakakamira kukhosi, pomwe dema anangotsika pansi osanena kanthu. Ndinamaliza, ndinaika kapu patebulo, n'kumwetulira ndi mano akuda. Anandiyang'anira theka la ola pa wotchi ya atelala kuti aone ngati ndigwe. Sindinagwe.

"Sanafe," a Namakhwa anagamula, ngati okhumudwa pang'ono. "Ndiye kuti ndi mankhwaladi. Za pakamwa panu tikambirana a Nduna akapita. Tiyeni tikatenge nkhuku."

Kukhola tinapeza kuti mphamvu zinayi zinali zitamaliza ntchito imene tizilombo tinaiyamba. Nkhuku zinali chagada, miyendo m'mwamba, tambala wamkulu uja ali pakati pawo. A Namakhwa sanataye nthawi ndi chisoni. Anaona nkhuku zachikuda za amake Lute zikupalasa pansi pa mango, analoza chala, achinyamata n'kuyamba kuthamangitsa. Zisanu ndi zinayi zinamangidwa miyendo. Tambala wawo wofiira yekha sanamumange, akuti aoneke bwino popereka, ndipo anamuika m'khwapa mwanga. Amake Lute anaima pakhomo. Anangondiyang'ana, ndipo ndikanakonda akananditukwana.

A Nduna amayenera kufika teni koloko. Anafika thu koloko. Maola onsewo tinali padzuwa, ana a sukulu pamzere, amayi akuvina atavala nsalu za chipani, ine pabenchi ya kutsogolo pakati pa ahedi ndi abusa, tambala m'khwapa. Cha m'ma leveni mimba inalankhula koyamba, mawu apansipansi ngati thirakitala ya esiteti ikukwera chitunda. Abusa anatembenukira kuphiri kuona ngati kukubwera mvula. Pofika wani koloko thukuta linali litanyowetsa malaya mpaka tayi. Ndinanong'oneza a Namakhwa kuti ndikufuna kupita kuseri pang'ono.

"Palibe amene akuchoka pano," anatero. "Makamaka inu."

A Nduna atafika panali nyimbo, panali pemphero lalitali, a Namakhwa analankhula, ahedi analankhula, kenako a Nduna anagwira chimkuzamawu. Anali munthu wodziwa kulankhula, ndipo sankafulumira. Ine ndinapinga miyendo, ndinaluma mlomo, ndinatchula chamumtima mayina a mapulaneti kuyambira loyamba mpaka lomaliza, n'kubwerezanso chobwerera m'mbuyo. Tambala ndinamufinya mpaka anayamba kundijompha m'nthiti. Ndipo dema, amene anali chete kuyambira m'mawa, anadzuka.

Nthawi yomweyo a Nduna anafika pachimake pa zolankhula zawo. "Ndamva kuti kuno ku Mulanje kuli anthu ena osayamika! Ine ndikufunsa: alipo pano amene sakukhutira ndi ulamuliro umene tili nawo? Ngati alipo, aimirire timuone!"

Ndinaimirira.

Sindinafune ayi. Inaimirira ndi mimba, ine ndinangoitsatira. Bwalo lonse linangoti zii, ng'oma zinaleka, ndipo ndinaona nkhope ya a Namakhwa ikusanduka phulusa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma ndinazindikira kuti nthawi yofotokozera palibe. Chimbudzi cha sukulu chinali kuseri kwa nsanja ya a Nduna, apolisi ataima chapomwepo. Ndiye ndinalumpha benchi, ndinadutsa pakati pa amayi ovina, n'kuliyatsa liwiro kulowera kumunda wa tiyi. Tambala ndinaiwala kumusiya.

"Gwirani chigawenga!" wina anakuwa kumbuyo kwanga.

Amene simunalowepo m'munda wa tiyi, dziwani kuti mitengo yake imalekeza m'chiuno, ndipo pamwamba pake ndi pothithikana ngati tebulo. Munthu ukanyonyomala umabisika ndithu. Ndinalowa mizere khumi n'kuzimirira. Mwina ndikanapulumuka, pakanapanda tambala. Atangomva kuti dzanja langa latanganidwa ndi lamba, anapulumuka, anakwera pamwamba pa tiyi, pamutu panga penipeni, anakupiza mapiko n'kulira katatu konse, kuti aliyense adziwe pamene pali aphunzitsi.

Achinyamata a malaya ofiira anafika ndi zibonga, wapolisi mmodzi ali pambuyo. Atatsala mizere itatu anaima okha ngati agunda khoma. Wakutsogolo, wowerenga kope uja, anagwira mphuno.

"Aphunzitsi, tulukani!"

"Sindingathe, mwana wanga."

"Mukutani m'menemo?"

"Iweyo ukuganiza kuti ndikutani?"

Anatembenuka, n'kukuwa ndi mawu ake onse kuti amve kubwalo: "Bwana tcheyamani! Si ndale! Ndi m'mimba!"

A Namakhwa, pofuna kudziyeretsa msanga, anathamangira pa chimkuzamawu. "Olemekezeka a Nduna, amayi ndi abambo, tikutsimikizireni kuti kuno kulibe wosakhutira ngakhale mmodzi. Aphunzitsi athu a sayansi angotsegula m'mimba chifukwa amwa mankhwala a nkhuku." Mawuwo anakagunda phiri n'kubwerera, kuti amene sanamve koyamba amve kachiwiri.

Anayamba kuseka ndi ana a Sitandade 8. Kenako amayi ovina. Kenako, akuti, a Nduna anaseka mpaka anavula magalasi n'kumapukuta misozi, ndipo a Nduna akaseka aliyense anali ndi chilolezo, ngakhale apolisi. Mpamene panathera mlandu wanga, chifukwa simungamange munthu amene wasangalatsa a Nduna. Ndili chinyonyomalire m'tiyimo ndinawamva akulandira nkhuku za amake Lute, n'kuziyamikira kuti ndi umboni wa ulimi wamakono umene boma likulimbikitsa. Tambala atamugwira, anakamupereka kwa a Nduna ndi a Namakhwa, ndipo wojambula anajambula iwowo. Ine ndinatuluka anthu onse atabalalika, ndipo tayi sindinatuluke nayo. (Musandifunse.)

Ndinagona masiku atatu. Anandichiza ndi amake Lute, ndi madzi a masamba a gwafa, opyapyala, theka la kapu m'mawa ndi madzulo, akupereka osalankhula nane. Tsiku lachinayi nditatuluka ndikugwira khoma, ndinaona kuseri kwa khitchini nkhuku zitatu zachizungu zikujompha madeya. Zinali mwa zinayi zotheratu zija. A Muhiwa, atabwerako kotemera ng'ombe, anaziyang'ana nthawi yaitali. Anati sangalumbire kuti ndi gwafa, mwina ndi kuzipatula kuja ndi madzi oyera, mwina zonse pamodzi. Kuti munthu adziwe zoona zake, anatero, ayenera kuyesa mtengo umodziumodzi, muyeso wodziwika, mosathamanga, ndipo zimene ndinalemba masiku oyamba aja zikanathandiza. Kopelo linali mudilowa ya a Namakhwa, ndipo pa awirife palibe amene anadzipereka kukalitenga. Tinangosesa khola, zitosi tinakwirira, pansi tinathira laimu. Lute sanadwale, ndipo pa nkhani yonseyi n'chokhacho chimene ndimathokozera Mulungu mopanda manyazi.

Za pakamwa panga a Namakhwa sanakambirane nane. M'malo mwake, kumapeto kwa teremu kunabwera kalata yondisamutsira ku sukulu ina kuseri kwa phiri, kumene basi inkafika kawiri pa sabata. Amake Lute analongedza katundu, ndipo tili pamwamba pa lole anandiuza mawu oyamba aatali chichitikireni zija: kuti kumene tikupitako ine ndiziphunzitsa ana, ziweto azisamala iwo, ndipo tsiku limene ndidzagwirenso mphika wawo adzanyamula Lute n'kubwerera kwawo. Ndinalumbira ndi mtima wonse. Ndinati ndaphunzira kuti mankhwala si masewera, kaya a m'sitolo kaya a m'tchire, ndiponso kuti pakamwa pa mphunzitsi pazitseguka m'kalasi mokha.

Koma mbiri inafika kumeneko ife tisanafike, ndipo panjira inasintha pang'ono. Tikutsitsa mipando, panabwera mayi wina atakumbatira thadzi lodwala m'nsalu. Anagwada chapatali.

"Pepani, kodi ndinu aphunzitsi aja mumapanga mankhwala a nkhuku amphamvu, oti mpaka anachita kulengezedwa pamsonkhano wa a Nduna?"

Ndinacheukira kunyumba. Amake Lute anali mkati, akuyala mphasa. Chimene ndinayenera kuchita n'kuwauza mayiwo kuti asokoneza munthu, apite kwa alangizi. Ndinaika mpando pansi, ndinayandikira, n'kutsitsa mawu.

"Zitosi zake zikuoneka bwanji, mayi?"